Aneneri Tinawaika Pofunda

Ika foniyo pansi, Lerato. Tenga masaka ali kuseri kwa chitsekowo. Iwe Chisomo, bweretsa njerwa zinayi. Tifunditse matimatiwa dzuwa lisanalowe.

Ukuti chiyani? Foni ikuti lero sikuzizira kwambiri? Foniyo inagonapo kuseri kwa nyumba ino? Ikunena za kumene kuli makina ake, kaya ndi ku bwalo la ndege, kaya padenga la ofesi ina m'tauni. Ife tili ku Ga-Rankuwa, pansi, m'mbali mwa ngalande. Funditsani. Musathyole nsonga.

Eya. Tsopano khalani apa. Ndinena kamodzi.

Inu obadwira ku Joni mumayesa chisanu ndi nyengo yovala jekete basi. Kwathu ku Dedza chisanu ndi chinthu chimene chimagwa, ngati mvula, koma chopanda phokoso. Bambo anga anali ndi dimba kudambo, kunsi kwa mudzi. Kachewere, kabichi, nsawawa. Mapaipi awa kunalibe. Tinkathirira ndi chitini cha palafini chodula pamwamba, chokhomera kamtengo kogwirira. Kutunga pachitsime, kuyenda nacho mzere ndi mzere mpaka phewa kuchita dzanzi. Iwe Chisomo ukangotsegula mpopi umati eish, ndatopa.

Bambo sankalankhula zambiri. Mukuti ndinatengera iwo? Mwina. Madzulo a mwezi wa Juni ankatuluka panja, n'kunyowetsa chala, n'kuchikweza. Mphepo ikamaomba ankabwerera m'nyumba. Ikaima, kumwamba kuli mbee, ankangoti, "Udzu." Ndiye tonse liwiro kudambo ndi mitolo ya udzu, kukafunditsa mbewu. Pamtunda pamene panali nyumba sipankapsa kanthu. Koma kudambo, pafupi pomwepo poti ukaitana munthu amakumva, mbewu yosafunditsa inkadzuka yakuda ngati yawauka ndi moto. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake. Anati, "Kuzizira n'kolemera. Kumatsetsereka ngati madzi, n'kukagona pansi." Sukulu yanga ya zanyengo ndi imeneyo. Inayo ndinalekezera sitandade faifi.

Kuno ndinabwera pabasi, masiku atatu, ndi chimanga chokazinga m'thumba la jekete. Ndinayambira ku Garsfontein, kumayadi a ku Pitoliya. Zaka zambiri ndinkatchetcha kapinga woti palibe mbuzi yomudya, kuthirira maluwa, kuvuula masamba m'dziwe losambira. Ntchito inali yabwino, koma manja ankafuna munda weniweni. Nditamva kuti pa pulazi ina kupitirira kuno akufuna munthu wa zamasamba, ndinapita. Anatipatsa chipinda, ine ndi agogo anu aakazi.

Pulaziyo inakhala ngati kwathu. Nyumba ya bwana, shedi yolongedzera ndi zipinda zathu zinali pamtunda. Munda waukulu unali kunsi, m'mbali mwa kamtsinje. Ife tinkangoti kudambo.

Bwana wamkulu atadwala, pulazi anaitenga mwana wake wamkazi. Anali atachokera ku sukulu yaulimi. Wolimbikira, sankaopa matope, koma foni sinkachoka m'manja mwake. Tinamutcha Nafoni. Iwe Lerato usaseke, dzinalo likukuyenera.

Nafoni anagula makina oyezera nyengo. Mtengo wachitsulo wautali kuposa munthu. Pamwamba timakapu titatu tozungulira ndi mphepo, kachidebe kolandira mvula, timbale toyera tosanjikizana tomvera kutentha ndi kuzizira, ndi kasola. Zonse zimene makinawo amva ankazitumiza ku foni yake. Anatiuza kuti chisanu chikamayandikira foni idzalira yokha, ndipo tidzathamanga kukafunditsa mbewu ndi nsalu zoyera zimene zinali m'shedi. Ife tinawatcha Aneneri. Ku Pitoliya kuno aneneri ndi ambiri, tinati nafenso tikhale ndi athu.

Anabwera nawo anyamata awiri pa baki, galimoto ya pikapu ija, masana, ali pachangu. Nafoni ankapita ku msika. Anandikuwira ali kale m'galimoto: "Madala, asonyezeni malo abwino!"

Malo abwino. Mawu awiri amenewo muwasunge.

Ine ndinaganiza monga tinaleredwera. Mlendo akabwera sumukhazika pamphepo. Chinthu chodula suchisiya kuthengo, poti akuba angazule kasola kaja. Malo abwino pa pulazi yonse ndinkawadziwa: khoma la shedi, mbali yoyang'ana dzuwa, pamene tinkawothera nthawi ya nkhomaliro. Pansi pali simenti, mphepo sifika, agalu ali pafupi. Ndinawatengera pamenepo. Mmodzi anakweza foni yake, anaona netiweki yadzaza, anati, "Shapu, madala." Dzenje ndinakumba ndine, m'mphepete mwa simenti. Loweruka lililonse ndinkawapukuta fumbi Aneneri ndi kansalu. Ndinkanyadira.

Nyengo yozizira yonse Aneneri ankalosera zabwino. Kudambo kunali kabichi ndi sipinachi, mbewu zosaopa chisanu, ndiye panalibe wotsutsa. Ogasiti akutha, Nafoni anatiitana. Anati tiwokere matimati msanga, tikafike pamsika anzathu asanafike. Bambo ake sankawokera kudambo Sepitembala asanathe.

Ndinati, "Dona, kudambo chisanu sichinathe."

Anandionetsa foni. Mizere yokwera ndi kutsika, yonse pamwamba pa kamzere kofiira kosonyeza chisanu. Anati, "Taonani, Madala. Milungu itatu tsopano sitinayandikire n'komwe. Ndipo chikabwera, foni ilira."

Chingerezi changa n'cha sitandade faifi. Sichilimbana ndi mizere. Ndinagonja, tinawokera. Mbande zikwizikwi, dambo lonse.

Wopopera mankhwala anali Che Yusufu, wa ku Machinga. Wamtali, woseka, wamakani pa nkhani za nsomba. Ankanditcha Achimwene a Kachewere. Ankati anthu a ku Dedza timalankhula pang'ono chifukwa milomo inauma ndi mphepo tili ana. Ine ndinkamuuza kuti a ku Machinga amalankhula kwambiri chifukwa akatseka pakamwa angapse m'kati. Anali ndi mkazi ndi ana atatu m'chipinda choyandikana ndi chathu. Tikaphika nkhumba tinkatseka zenera kuti fungo lisawavute, iwo pa Idi ankatitumizira mpunga.

Loweruka Che Yusufu anapopera mankhwala a tizilombo. Lamulungu sitinatsike kudambo. Lolemba titatsika, matimati anali atagona, akuda, olobodoka ngati masamba owiritsa.

Nafoni anayang'ana foni. Sinalire. Usiku wonse wa Loweruka ndi wa Lamulungu Aneneri ankati kunali kozizira pang'ono chabe. Ndiye anayang'ana Che Yusufu.

"Sipuleya ija unapoperapo mankhwala opha udzu kumpanda mwezi watha. Unaitsuka?"

"Ndinatsuka, dona. Katatu."

"Ukanatsuka, izi zikanachitika?"

Ine ndinali nditaona kale. Kupsako kunali ndi malire, mzere wowongoka ngati wa madzi m'beseni. Kumtunda kwa mzerewo mbande zinali chilili, zobiriwira. Ndinamuonetsa. Ndinati, "Ichi n'chisanu."

Nafoni sanali wopusa. Anafunsa Che Yusufu kumene anayambira kupopera. Anati kunsi. Nafoni anati, "Basi. Thanki yoyamba ndi imene inali ndi poizoni. Ya pambuyo inali itatsukika. Madala, makina akuti kunalibe chisanu. Makina sakondera munthu." Kenako anauza Che Yusufu kuti pofika Lachisanu akhale atatuluka m'chipinda.

Chimene chinandipweteka n'chakuti Che Yusufu anayamba kukhulupirira. Kwawo n'kotentha, mbewu yopsa ndi chisanu anali asanaionepo. Madzulo anandipeza pa mpopi. Sanaseke. Anati, "Achimwene, mwina ndinatsuka kawiri. Mwina kamodzi. Mutu wanga sukugwiranso."

Tsiku lomwelo dzuwa litangolowa ndinadutsa pa shedi kukatseka geti. Mphepo inali yobaya. Ndinatsamira khoma lija kuti ndimange chingwe cha nsapato. Khomalo linali lofunda ngati msana wa ng'ombe. Ndinagwira simenti. Yofunda. Ndinakweza maso. Timbale toyera ta Aneneri tinali pomwepo, mkono umodzi kuchokera pakhoma, tikuwotha.

Aneneri sananame. Ankanena zoona za pamene ndinawakhazika. Matimati anagona kudambo, iwo anagona pofunda. Ndipo wowayalira mphasa ndinali ine.

Mukuyesa ndinathamanga kukaulula? Ayi. Agogo anu si munthu wolimba mtima choncho. Ndinali wamkulu kale, wa imvi. Ndani akanandilembanso ntchito? Amayi anu nthawi imeneyo anali ndi pakati pa iwe Lerato, akugona kuseri kwa katani m'chipinda chathu chomwecho. Ndikanena, wotuluka Lachisanu akanakhala ine. Ndikakhala chete, akanakhala Che Yusufu ndi ana atatu. Ndinadya osamva kukoma.

Agogo anu aakazi anandiyang'ana. Anati, "Bambo, mukutafuna ngati mbuzi yadya chimanga cha eni. Mwatani?"

Ndinawauza. Anapitiriza kutsuka mapoto. Kenako anati, "Ndiye Lachisanu mudzawathandiza kunyamula katundu? Mudzawagwira chanza?"

Ndinatenga mbale zawo ziwiri zachitsulo pathandala.

"Nanga mbale zanga zalakwa chiyani?"

Imodzi mwa mbalezo ndi ija yosupuka m'mphepete imene mumadyetsera mphaka. Muziilemekeza.

Bambo anga akafuna kudziwa ngati ngodya ina ya dimba imagwa chisanu, ankaika phale la madzi pa udzu wouma n'kudzaliona m'mawa. Ndinachita zomwezo. Mawu anga Nafoni anali atawakana kale, ndinkafuna chinthu choti agwire ndi dzanja. Mbale imodzi ndinaika patsinde pa Aneneri, ina pakati pa matimati akufa aja. Madzi ofanana, pang'ono, ongophimba chala.

Lachiwiri ndi Lachitatu m'mawa ndinatsika kusanawale bwino. Madzi. Usiku kunali mphepo.

Lachinayi m'mawa, madzi. Kunali mitambo. Ndinaima pamenepo ndi mbale yanga ngati wopemphetsa. Ndikunena zoona, mtima wina unkati: basi, wayesa, Mulungu waona, zisiye. Pobwerera ndinapeza mkazi wa Che Yusufu akumanga mapoto m'chitenje. Anandipatsa moni bwinobwino. Zikanakhala bwino akananditukwana.

Lachinayi madzulo ndinanyowetsa chala. Mphepo zii. Timakapu ta Aneneri titaima. Kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Ndinathira madzi atsopano m'mbale zonse.

Chisanu chinagwa Lachisanu. Musaseke, sindinapange ndine.

Udzu wa kudambo unali woyera, ukulira pansi pa nsapato. Mbale inali gwa. Ndinaipendeketsa, palibe dontho linagwa. Ndinaigwira m'mphepete ndi nsonga za zala, kuopa kuti manja angaisungunule, n'kuyamba kukwera. Inu simunandionepo ndikuthamanga. Tsiku limenelo ndinathamanga, magambutsi akundimenya m'miyendo, chifuwa chikulira ngati mpope wa njinga. Dzuwa linali litayamba kugunda denga la shedi. Ndinabisa mbale m'chithunzithunzi changa. Agalu anayesa masewera, anayamba kundilumphira. Ndinawatukwana m'Chichewa, anamva.

Zaka zonsezo ndinali ndisanagogodepo pakhomo la bwana m'mawa choncho. Nafoni anatsegula ali ndi kapu ya khofi.

"Madala? Kwagwanji?"

Mpweya unali utandithera. Ndinangomupatsa mbale. Anagogoda ndi chikhadabo. Ayezi.

"Mwaitenga m'firiji?"

"Kudambo. Bwerani."

Ananditsata atavala masilipasi. Ndinamulozera mbale inayo patsinde pa Aneneri. Anaviika chala. Madzi. Anatulutsa foni, anayang'ana. Sinalire, mzere uli pamwamba pa kofiira kaja monga masiku onse. Ndinagwira khoma, n'kumuuza agwire nayenso. Ngakhale m'mawa umenewo silinali lozizira ngati chitsulo cha geti. Anayang'ana khoma, simenti, timbale toyera. Kenako anatembenukira kudambo, kumene kunali kukadali mbuu. Khofi anazizira.

Anati, "Anasankha malo ano ndani?"

Anyamata a baki aja anali kutali. Ndikanatha kuwaponyera. Ndinavula chipewa.

"Ndine, dona. Munati malo abwino. Ndinawapatsa malo amene ine ndimawakonda."

Ndinadikira. Ndinali nditawerengera kale kuti katundu wathu angakwane m'matumba angati.

Nafoni anaphimba nkhope ndi dzanja. Ndinayesa akulira. Mapewa ankagwedezeka. Kenako ndinamva kuti akuseka, kuseka kowawa kuja. Anati, "Zaka zinayi kusukulu. Tsiku loyamba lenileni anatiuza: kutali ndi khoma, kutali ndi simenti, pamene pali mbewu. Ndadutsa pano tsiku lililonse miyezi yonseyi, maso ali pa foni."

Ndinati, "Nanga Yusufu?"

"Yusufu sakupita kulikonse."

"Nanga ine?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachilendo. "Inu mukatenge piki. Makinawa tiwazule lero lomwe. Ndipo ulendo uno ndipita nawo. Malo abwino ali kuti, Madala?"

Ndinati, "Abwino ayi, dona. Oipa. Pamene matimati anayambira kufa."

Ana inu, sindidziwa mmene ndingakuuzireni. Mukudziwa ukasenza thumba la simenti mtunda wautali n'kulitula, thupi limakhala ngati likufuna kuuluka? Zinali choncho. Ndinamva njala koyamba chiyambire Lolemba.

Aneneri ali kudambo mpaka lero, m'kampanda ka waya chifukwa cha akuba. Musaganize kuti ndimadana nawo. Chaka chotsatira anandiposa. Madzulo ena kunali mphepo, ine ndinati sikugwa kanthu, tisavutike. Chakum'mawa mphepo inaima ine ndili mtulo. Foni inalira, tinatsika ndi nsalu, tinapulumutsa tsabola yense. Chala changa chimagona, iwo sagona. Koma amangodziwa za pamene aima. Mvula nayonso n'chimodzimodzi. Ya kuno mukuidziwa, imagwa mbali ino ya msewu, mbali inayo fumbi. Kachidebe kaja kali pakhoma, theka la mvula linkatsekedwa ndi denga. Nafoni anafufuta zonse zimene analemba miyezi ija, anati ndi mbiri ya shedi, si ya munda.

Ndiye iwe Lerato, ukamandiuza kuti foni yati, uziyamba wafunsa kuti amene akuiuzayo wakhala pati.

Koma ndimanena za Lachisanu lija.

Ndinakatenga piki m'shedi. Podutsa kuzipinda ndinapeza Che Yusufu atakhala pa chikwama chake chachikulu chija cha mizeremizere, atavala kofia yake ya ku mzikiti, ana atawandandalika pakhoma ngati akudikira basi. Nafoni anafika ine ndisanadutse, akadali m'masilipasi onyowa, mbale ya agogo anu aakazi ili m'manja. Ayezi anali atasanduka kachidutswa koyandama. Anaima patsogolo pake n'kupepesa, pamaso pa mkazi wake ndi ana. Anati sipuleya inali yoyera. Anati amasule katundu.

Che Yusufu anaimirira pang'onopang'ono. Anayang'ana mbale, anayang'ana dona. Mkazi wake anakhala pansi pomwepo, n'kufunditsa nkhope ndi mpango. Agogo anu aakazi anatuluka, anatenga mbale yawo m'manja mwa Nafoni osapempha, anataya madziwo, n'kulowa nayo m'nyumba.

Ine ndinali nditafika kale pa mpopi. Ndinamva mawu kumbuyo, mawu aja akale, okweza.

"Achimwene a Kachewere! Taimani! Mwamuuza chiyani mzunguyu? Inu amene mawu anu sakwana khumi pa tsiku? Achimwene!"

Ndinakonza piki paphewa, n'kumatsetsereka kudambo kukakumba dzenje la Aneneri.